102 Kunyumba, 39 ku Kiliniki

"Bwerezani, ba Sista. Mwati zingati?"

Eneless Tembo anafunsa atafungata Whyson, mwana wake wa miyezi khumi, amene sanayamwe chiyambire dzulo lake. Sista Kasoma, nasi wa pakiliniki, anayang'ananso kagalasi kopimira thupi kamene anachotsa m'khwapa mwa mwanayo.

"39."

"Kunyumba ku Mtendere inali 102. Pano 39. Yinangu yayenda kuti?"

Azimayi a pabenchi anasiya nkhani zawo.

Eneless sukulu anailekera panjira, koma pamsika panalibe womubera pa sikelo. Kutentha kwa mwana iye ankapima ndi tsaya, ndipo m'mawa umenewo tsaya linamuuza kuti Whyson wasanduka mbaula. Mnansi wake Dyness, amene kale ankalera ana a mzungu ku Kabulonga, ndiye anatulutsa kagalasi kamene dona anamusiyira pobwerera kwawo. Kanaonetsa 102, ndipo onse awiri anathamangira kukiliniki.

Zaka zimenezo sopo, saladi wophikira ndi unga zinali zosowa, zogula pamzere. Za mankhwala anthu ankanong'onezana kuti amatulukira khomo lakumbuyo.

"Nikudziwani imwe," anatero Eneless. "Muchepetsa namba kuti munipatse aspirini, mankhwala yeniyeni mukagulitse."

"Amai, samalani pakamwa."

"Muikeni mukamwa tione. M'khwapa muli thukuta chabe."

"Mwana wa mano anayi? Akaluma galasi, muzakamba kuti nine namupha."

"Dona wanga anali kuika kumatako," Dyness analowererapo. "Akuti ndiye kosanama."

Eneless anatembenuka pang'onopang'ono.

"Na kamene aka wanibweretsera?"

"Ninatsuka, amake Whyson."

Benchi yonse inaseka, koma Eneless sanaseke. Tsopano ankakayikira onse awiri.

Sista Kasoma anatambasula dzanja, Dyness n'kumupatsa kagalasi kake kokulunga m'kansalu. Nasiyo anakapukuta ndi sipiriti, nakutumula tonse tiwiri. Ka Dyness anakaika kukhwapa lamanja, ka kiliniki kulamanzere.

"Gwirani manja a mwana mweka. Ine sinikhudza."

Eneless anagwira, maso ali pa zala za nasi. Whyson analira kamawu kochepa, n'kuleka. Patapita mphindi zingapo Eneless anasolola yekha timagalasito, napatsa mayi wina wa pabenchi wodziwa kuwerenga.

"Aka 102," anatero mayiyo. "Aka 39."

"Mwana umodzi, kutentha kumodzi," anatero Sista Kasoma. "Aka ka dona kawerenga mwakale, aka mwatsopano. Chitenje munali kugula na mayadi, manje ni mamita. Nsalu inafupika?"

"Wa sitolo akafuna, ifupika."

"Mvetserani. Pa aka kathu, mwana wabwino ni 37. Pa 39 ni moto. Akapitirira, angayambe kugwedezeka m'manja mwanu. Ni maleriya aya."

Eneless anawerama. Anaika tsaya pamphumi pa mwana, nalisiya pomwepo kanthawi.

Nasi anamwetsa Whyson supuni yoyamba ya kolorokwini, natsanulira wina m'kabotolo. Anauza Eneless kuti azimupukuta ndi nsalu yonyowa ndipo abwerenso mawa. Eneless anakweza botololo kudzuwa, nalikhutchumula, nalinunkhiza, kuona ngati sanathiremo madzi.

"Yakwana?" anafunsa Sista Kasoma.

"Tizaona."

"Mwanitcha kawalala wakuba mankhwala pamaso pa anthu onse aba. Musanachoke, mupepese."

Dyness anamukoka chitenje. "Pepesa chabe, tiziyenda."

Eneless anabereka mwana, namanga mfundo pachifuwa, nabisa botolo m'bulauzi.

"Ine sinilipira katundu nikalibe kuona," anatero. "Thupi ikazizira, mailo nikabwera nizapepesa pamene pano, anthu ali kumva. Ikakana kuzizira, nizabwera na ba tcheyamani ba chipani."

Sista Kasoma analemba 39 pakhadi, naitana wotsatira.