Mkazi Wosita Alibe Mpumiro

Ntchito yanga inali kuwerenga mokweza. Ndinkakhala pampando wamtali m'kachipinda ka kumbuyo kwa nyumba yosindikizira mabuku ya a Dwyer, ku Chicago, nditagwira mapepala a wolemba. Moyang'anizana nane pankakhala Bambo Lindqvist, woona zolakwika, ndi tsamba lochokera kumakina, pensulo ili m'manja. Ine kuwerenga, iwo kutsata ndi maso. Ndinkatchula chilichonse, ndi zizindikiro zomwe: "Anatuluka, mpatuliro, natseka chitseko, mpumiro."

Sukulu ndinailekeza ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Zimene ndikudziwa ndinazitola m'mapepala a eni: maulaliki, mabuku otsatsa mbewu, malamulo a bungwe la ophika buledi. A Lindqvist ankati ine ndi paipi, mawu amangodutsa. Ndinkawasiya anene.

Lachitatu lina m'mwezi wa Malichi, 1921, kunabwera ntchito ya kamagazini kena. Mkonzi wake anali atapita ku New York, atasiya mawu akuti zonse zilowe m'makina pofika folo koloko tsiku lomwelo. Munali nkhani ya masamba asanu yolembedwa ndi mayi wina dzina lake Orla Tibbets.

Ndinayamba monga mwa nthawi zonse. Mkazi akusita malaya a mwamuna wake. Nsimbi ili pakolala, koma iye maganizo ali pa mchemwali wake amene anamwalira, kenako pa mtsinje wa kwawo ku Iowa, kenako pa mkazi wina amene anamuona akudya yekha m'lesitilanti, buku ataliyedzamiritsa pa botolo la mchere, osadikira munthu, kenako kolala ija yanunkha kupserera. Ndinawerenga, ndinawerenga, mpatuliro, mpatuliro, mpaka m'maso munada.

"Puma, mwana iwe, ungatifere pano."

"Palibe popumira, bambo."

Anandilanda mapepala, navundukula onse asanu. Mpumiro sanauone. Anaseka pang'ono, nati zimenezi anaziona kale: olemba osauka amagwiritsa makina otayipira akutha, ndipo apa chathyoka ndi chitsulo cha mpumiro. Anasongola pensulo kuti ayambe kuika okha, monga mwa lamulo la pantchito.

Ine mtima unali kwina. Chinandizunguza n'chakuti m'mutu mwangamu mumayenda chimodzimodzi. Ndikamatsuka mbale kwa amayi, maganizo sayima pamzere ngati asilikali, amakwerana. Mabuku onse amene ndinawerengapo, mkazi akati aganize, ankaganiza chinthu chimodzi chaukhondo, kawirikawiri mwamuna, n'kumaliza. Uyu anadziwa bwanji? Anamuuza ndani kuti zimenezi zimalembedwa?

Ndinawauza kuti asakhudze. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Pamenepo moto unandikwera. Ndinati akanalemba ndi mwamuna wandevu wa ku yunivesite akanati ndi nzeru zatsopano, koma poti ndi mkazi, basi makina athyoka. Iwo anayankha mofatsa kuti anakonzapo zolemba za mabishopu awiri ndi senetala, ndevu zawo zili pomwepo, ndipo palibe anadandaula.

Ndinatsegula tsamba lomaliza, ndipo ndinauona. Mpumiro umodzi, pamene kiyi wa mwamuna akulira pachitseko. Ndinawalozera ndi chala. Anatenga pepalalo, naliunika pazenera.

"Wa inki uwu. Waikidwa ndi dzanja. Ndati makina ndi othyoka."

"Ndiye cholembera anali nacho. Analekeranji kuika yonse?"

Anakanda chibwano. Kenako anati iwo satsata maganizo a paipi, amatsata kalata ya mwini nkhani. Ikafika thu koloko kalata palibe, aika mipumiro yawo. Anandikumbutsanso kuti a Dwyer sakonda mpando wopanda munthu, ndipo atsikana odziwa kuwerenga ndi ambiri panja. Ndinang'amba keyala ya wolembayo pa envelopu imene munabwera nkhaniyo, ndinavala chikhoti, ulendo.

Sitima ya mumsewu inanditula kumpoto kwa mzinda. Nyumbayo inali ya alendi, makwerero onunkha kabichi. Pa chipinda cha pamwamba penipeni ananditsegulira Orla Tibbets mwini wake, mayi wa zaka ngati makumi anayi, mapini a zipewa atawabaya pamalaya, chifukwa ankasoka zipewa za sitolo ina ali kunyumba. M'chipindamo munali bedi limodzi, mpando umodzi, kapu imodzi. Ndinayang'ana kapuyo nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera. Anandiona, nati anachoka kwa amuna awo m'dzinja lapitalo, ndipo kapu yachiwiri sanaifunebe.

Ndinafotokoza zonse mothamanga, ndi mawu ena oipa okhudza a Lindqvist. Ndinkayembekeza kuti apsa mtima limodzi nane. M'malo mwake anaseka mpaka anakhala pabedi.

"Achikulirewo akunena zoona, mwanawe. Makinawo ndi othyoka."

Anavundukula nsalu patebulo. Analidi makina akutha, obwereka kwa mwini nyumba, ndipo pamalo pa mpumiro panali kachitsulo kopindika. Ndinamva manyazi kuyambira kumapazi. Ntchito yanga ndinali nditaiika pachiswe chifukwa cha kachitsulo.

Koma anapitiriza. Anati potayipa ankadziuza kuti akamaliza aika mipumiro ndi cholembera. Atamaliza anakhaladi pansi, cholembera m'manja, tsiku lonse la Sabata. Paliponse akati aike, ankapeza kuti mkazi wosita uja sanamalize. Anati zaka khumi ndi zisanu kunyumba kwa amuna awo, ganizo lawo silinathepo lokha: nthawi zonse linkadulidwa ndi munthu woitana, wofuna kolala, wofuna khofi. Atafufuza masamba onse asanu, malo amene mkaziyo anaimadi anali amodzi okha.

"Tsono munachita dala kapena ayi?" ndinafunsa, chifukwa ndinkafunitsitsa kudziwa.

"Makina anayamba, ine ndinavomera. Iweyo uzitcha chiyani?"

Sindinapeze dzina lake. Anandifunsa langa, ndinati Vlasta Hruby. Anati kalata alemba, koma choyamba ndiwawerengere, pakuti nkhaniyo sanaimvepo m'kamwa mwa munthu. Anali ndi mapepala ena ofanana m'kabati. Ndinayang'ana wotchi yawo: hafu pasiti wani. Ndikanatha kukana. Ndinaima pakati pa chipinda n'kuwerenga, koyamba m'moyo wanga osatchula zizindikiro. Ndinkapuma mobera, pakati pa mawu, monga amapumira munthu wogwira ntchito. Iwo anatsinzina. Pa mkazi wodya yekha uja anamwetulira. Nditafika pa kiyi, mapewa awo anadzidzimuka ngati chitseko chawo chomwe chagogodwa.

Analemba mizere iwiri, nasaina.

Ndinafika kuntchito nthawi itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Mpando wanga unali wopanda munthu. A Lindqvist, osadzutsa mutu, anati a Dwyer anabwera kudzandifunsa, ndipo anawauza kuti andituma okha kwa wolemba. Tsamba loyamba linali litadzaza kale ndi timipumiro tawo, taudongo, tozunguliridwa ndi pensulo.

Ndinawapatsa kalata. M'sitima ndinali nditakonza zobisa nkhani ya makina, kuti ndisawapatse chonyadira. Koma nditaima pamaso pawo ndinaona kuti bodzalo likhala langa, pomwe nkhani ndi ya eni. Ndinawauza zonse, kachitsulo kopindika, tsiku la Sabata lija, cholembera.

"Ndinanena," anatero.

"Munanena theka."

Anawerenga kalatayo kawiri. Kenako anatenga labala, nayamba kufufuta, umodzi umodzi, akuuzira zinyenyeswa. Atamaliza anandiuza kuti ndikwere pampando, tiyambirenso pamutu, chifukwa zilembo zolakwika sizisamala kuti wolemba ndi wamakono.

Tinadutsa tsamba loyamba, lachiwiri. Pa lachitatu anakweza pensulo, chizindikiro chakuti ndiime. Ndinaganiza kuti apeza cholakwika. Koma maso awo sanali papepala. Anati akazi awo, Hulda, akamasita amangoti zii, ola lathunthu, ndipo iwo ankayesa kuti ndiye kupumula kwake.

"Kodi akazi nonsenu m'mutu mumakhala chonchi?"

"Kawafunseni, bambo. Muli nawo m'nyumba."

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero, ngati akuwerenga tsiku pa kalendala ya eni. Anatembenuza pensulo kangapo m'zala. Kunja makina aakulu anali atayamba kale kugunda, ndipo wina anasuzumira pakhomo kufunsa ngati masamba a magazini atha.

"Atsala awiri," anayankha a Lindqvist. "Apita momwe alili. Pitiriza, Vlasta."