Pepala la Mankhwala la a Henryk

Inali seveni koloko m'mawa, mvula yowaza ya ku Bolton isanaleke chiyambire dzulo. Ndinafika kunyumba yosamalira okalamba miyendo ikulemera, n'kupeza a Dailesi, nesi wathu, atagwira m'chiuno.

"A Lucius, agogo anu aja abisanso pepala la mankhwala. Manijala wati likapanda kupezeka pofika teni, awasamutsira kuwodi yokhoma."

"Mwawasecha?"

"Kawiri konse. Akungonjenjemera ngati tabwera ndi zibonga."

Agogowo, a Henryk, anachokera ku Poland. Mwana wawo wamkazi, amene anawabweretsa kuno, anandiuza kuti nthawi ya chikomyunizimu bambo ake ankasindikiza timapepala totsutsa boma m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, anthu akuimba pamwamba kuti makina asamveke. Tsopano mutu unasokonekera. Pepala lililonse lokhala ndi dzina la munthu amalibisa.

Sindinawauze a Dailesi kuti mu 1992, kalata ya maepiskopi itasanduka mlandu kwathu, malemu mkazi wanga anasokerera yathu m'pilo. Wapolisi akanaifuna mpaka kutopa. Koma mayi wina wa m'kwaya atabwera n'kungokhala pansi, mkazi wanga anasomola ulusi yekha. Kalata yotere salanda. Mwini wake amaipereka kwa woti akaipititse.

Ndinavala jekete langa lonyowa pamwamba pa yunifomu. Ndinagogoda pang'ono pachipinda cha a Henryk, n'kulowa, n'kutseka chitseko. Kabati sindinaiyang'ane. Ndinakhala pampando, chipewa pabondo, n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Andituma abambo mfumu," ndinanong'ona m'Chingerezi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama movutikira, n'kuvula nsapato yakumanzere. Pepalalo linali m'menemo, lopindidwa kanayi, lofunda.

"Osadzera msewu waukulu," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka, atandigwira dzanja.

Ndinawalonjeza. Kunamiza munthu wamkulu wotere sikunandikomere, koma ndinalonjeza.

A Dailesi anatambasula pepalalo patebulo, akupukusa mutu.

"Mwawadyetsa chiyani, bambo inu? Ka mankhwala ka kwanu?"

"Ndangopempha."

"Mawa abisanso."

"Mawa ndili pa shifiti."

"Nanga Loweruka?"

Iwo anapita nalo kwa manijala. Ine ndinakoleka jekete, n'kukankha ngolo ya zofunda kupita kuchipinda chachinayi, kumene bedi linali lisanayalidwe.