Thiranki ya a Matiyasi

Mayi Bernadetta anakhala pa thiranki ija n'kunenetsa kuti sadzukapo, kaya kugwe mphenzi. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda amuna awo, a Matiyasi, ndipo mawa lake inali Khirisimasi ya 2008. Katundu wa malemu anali atagawidwa kale pakhonde la nyumba yawo m'komboni ya Torwood: jekete ya kutchalitchi, wailesi yopanda mabatire, ndi majombo a kufakitale ya zitsulo amene anapuma limodzi ndi fakitaleyo. Inatsala ndi thiranki yokha, yokhoma, namfedwa ali pamwamba pake.

Anansi anadzaza mpanda. Chaka chimenecho shuga ankangomveka dzina, ngati m'bale amene anapita ku Joni osalembanso kalata, choncho thiranki yokhoma sikanalephera kuitana anthu. Ena ankanong'onezana kuti muli mafuta ophikira.

Mayi Bernadetta ankadziwa kuti za shuga n'zamaloto. A Matiyasi anali munthu wa gule wamkulu paunyamata wawo, wovina wotchuka m'makomboni onse mpaka ku Somabhula. Anabatizidwa mu 1989, ndipo Lamlungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo, osajomba. Koma tsiku la Khirisimasi, tsiku lenilenilo, ankatsegula thiranki m'mamawa, kutulutsa chithumba, n'kulowera kutchire. Ankabwerako masana ali thukuta kamukamu, udzu m'mutu, atagwira msana. Mkazi safunsa za kudambwe, ndiye mayiwo sanafunsepo. Kwa amayi anzawo ankanama kuti bambo ali pashifiti. Fakitale itazima, bodza linasamukira m'mimba: chaka chilichonse a Matiyasi ankatsegula m'mimba pa 25 Disembala. Zinkawapweteka mayiwo, ndipo ankawapempherera usana ndi usiku.

"Alamu, dzukanipo," anatero a Feston, mng'ono wa malemu, amene gule sanamusiye n'komwe. "Zili umo si za akazi. Tizibweza kwa eni ake mwakachetechete, nkhani ithe."

"Aikona!" anakuwa a Elifas, mkulu wa mpingo, akugogoda pansi ndi ambulera. "Zitsegulidwe pano, tonse tikuona. Mawa ndikuwerenga maina a Akhirisitu amene atisiya chaka chino. Munthu wa miyendo iwiri, wina kwa Yesu wina kudambwe, dzina lake silituluka pakamwa panga. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Nanga inu miyendo muli nayo ingati, a Elifas?" anafunsa a Feston.

Anthu anabisa nkhope m'zitenje. Pamaliro saseka, koma mapewa ankagwedezeka.

Noria, mwana wamkazi wa malemu, amene Chishona chinkamuyenda pakamwa kuposa Chichewa, anagwada pafupi ndi mayi ake. "Mhamha, ingovhurai, ingotsegulani. Kodi mukhala pamenepo mpaka New Year here?"

"Ndikhala mpaka Yesu abwerenso," anayankha mayiwo.

Mumtima ankaopa chinthu chimodzi chokha. Zaka makumi anayi anakhala ndi munthuyo, wofatsa, woseka ndi maso. Dzina lake likadumphidwa mawa pamaso pa mpingo wonse, ndiye kuti a Matiyasi aikidwa kachiwiri, ulendo uno kunja kwa mpanda wa Mulungu.

A Elifas anaona kuti mpata wa ulaliki wapezeka. Anakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza kuti Khirisimasi ndi tsiku la oyera mtima, anthu osamba m'manja, osati ogwiragwira zikopa ndi nthenga. Anatchula machimo mmodzimmodzi, ndipo tchimo lililonse ankaliloza ndi ambulera kwa a Feston.

Mawu akuti oyera mtima ndiwo anawadzutsa mayi Bernadetta.

"A Elifas, Mwanayo akanabwerera oyera mtima akanabadwira m'chipatala cha ku Gweru, pa mashiti oyera. Anabadwira m'khola, pa ndowe. Sopo amapita kumene kuli litsiro. Ngati bambo a Noria anali wochimwa, ndiye kuti Khirisimasi ndi yawo kuposa inu." Anavula chingwe cha kiyi m'khosi. "Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndine ndakhala ndikunama, nditsegula ndekha."

A Feston anatembenuka kuyang'ana kumpanda. A Elifas anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, ambulera patsogolo. Mayiwo anatsegula thiranki, nakoka chithumba chija, natsinzina, n'kuchikhuthula pasimenti.

Munatuluka makutu awiri aatali a chikatoni, mphuno ya chiguduli, ndi mano a zitsekerero za mabotolo.

"Maiwe!" anafuula Noria. "Mhamha, idhongi! Ndi bulu wa kutchechi!"

Panalibe munthu ku Torwood wosamudziwa bulu ameneyo. Chaka chilichonse, sewero la kubadwa kwa Yesu likamayamba, ankatulukira kuseri kwa tchalitchi, kugwada kuti kamtsikana kosewera Mariya kakwere, n'kuyenda nako mpaka kukhola la kutsogolo. Mwana akabadwa, buluyo ankavina moti ngakhale abusa ankalephera kudzigwira. Kenako ankazimiririka. Achinyamata ankaganiza kuti amamukonza ndi akulu a mpingo. A Elifas akafunsidwa ankangogwedeza mutu mwaulemerero, amvekere, "Chinsinsi cha akuluakulu."

"Chinsinsi cha akuluakulu chija ndi chimenechi?" anafunsa a Feston. "Munkachidziwa?"



A Feston ananyamula mutu wa buluyo n'kuuzunguza m'manja, akuyang'ana kamangidwe ka nsungwi ndi mawaya m'kati mwake. "Luso ili ndi la kwathu. Achimwene, achimwene! Ife kudambwe timati mwatithawa, akutchalitchi amati mukadali kudambwe. Koma lamulo mwasunga: wa m'kati mwa chilombo satchulidwa."

"Inetu ndinakhalapo Mariya ndili giredi 3," anatero Noria, akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Ndinauza mhamha kuti dhongi ikununkha fodya wa adadi. Anandimenya!"

Mayi Bernadetta anakhala pansi. Bulu ameneyu mayiwo ankadana naye. Chaka chilichonse, podutsa pa benchi ya amayi, ankaima pa iwo okha n'kubudula duwa limodzi lapulasitiki pa chipewa chawo cha Khirisimasi, mpingo wonse n'kufa nacho chiseko. Chaka china mayiwo anamuphwanya ndi buku la nyimbo pamphuno. Pofika kunyumba ankadandaulira a Matiyasi za bulu wopanda mwamboyo, n'kuwadzudzulanso kuti akuphonya zinthu za Mulungu. Iwo ankangosisita mphuno, amvekere, "Pepani, mayi. Abulu a masiku ano."

"Muli zolemba umu," anatero a Feston, n'kupatsira a Elifas mutu uja. "Werengani inu odziwa kuwerenga maina."

M'kati mwa chipumi, pamene maso a wovala ankayang'ana, munali mawu a penti yofiira, zilembo zopendama. A Elifas anawerenga motsitsa: "Sindiyenera kukhala kutsogolo. Koma Mwanayo kumunyamula ndingathe. Anabadwira ngakhale ine."

A Elifas anapinda ambulera yawo imene inali yopinda kale.

"Dzina lawo lonse ndi Matiyasi ndani paja?" anafunsa. "Ndisalakwitse mawa."

M'mawa mwake magetsi kunalibe, buledi kunalibe, koma tchalitchi chinadzaza. Dzina la a Matiyasi linawerengedwa loyamba, ndipo a Elifas analibwereza kawiri ngati kuti wina watsutsa. Sewero litayamba, bulu anatulukira kuseri monga mwa masiku onse. Anali wamtali pang'ono, ankapunthwa pa mabenchi ngati mlendo m'nyumbamo, ndipo kunsi kwake kunkaoneka majombo a kufakitale amene dzulo lake anagwera a Feston. Palibe anatchula dzina.

Buluyo atayandikira benchi ya amayi, mayi Bernadetta anangozindikira kuti apendeketsa mutu, chipewa chili panjira. Bulu anadutsa mwaulemu, osachikhudza. Pamenepo m'pamene analira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, mpaka amayi anzawo anawagwira mapewa.

Masana, anthu atabalalika, mayi Bernadetta anapeza chithumba chija chitasiyidwa pakhomo. Anatsegula thiranki kuti achibwezeremo, ndipo pansi penipeni, pakona, anaona kachitini ka fodya kamene dzulo lake sanakaone chifukwa cha phokoso. Munali maluwa apulasitiki, ena ofiira, ena achikasu, ena ojujuka ndi ukalamba, onse ali ndi zipsera za mano a zitsekerero. A Matiyasi anali atawaluka pa waya wopyapyala, limodzi pambali pa linzake, kupanga nkhata yoti ikwane chipewa. Kunsonga kwa wayayo kunatsala kampata ka duwa limodzi.

Mayi Bernadetta anavula chipewa, nabudula okha duwa la chaka chino, n'kulimangirira pamenepo.