Sindinabereke Nthochi

Mayi Margareta a ku Msakambewa sankadziwa kuiwala. Ukawaponda chala pa Khirisimasi, ankakukumbutsa pa Pasaka. Ndiye taganizani za munthu amene anawasiyira mwana kutchire.

Mwana wawo Kalisto anali msilikali. Boma litatumiza asilikali ku Mozambique kukalondera njanji, anapita limodzi ndi Alexio, mnzake wa m'mudzi momwemo. Anabwerako ndi Alexio yekha. Iye anati zigawenga zinawabisalira panjira, Kalisto anafera pomwepo, ndipo mpata wonyamula mtembo panalibe. Anthu analira maliro opanda bokosi n'kubalalika, poti masiku amenewo za nkhondoyo sankazikamba mokweza.

Koma mowa susunga chinsinsi. Tsiku lina ku Chisepo, kachasu atamukwera m'mutu, Alexio analira n'kuulula kuti pamene galimoto inkanyamuka Kalisto anali akupumabe, akukwawa m'fumbi, akumuitana dzina. Mawuwo anawapeza a Margareta dzuwa lisanalowe. Sanagwetse msozi. Anangowasunga ngati chimanga cha mbewu patsindwi, ndipo chidani chawo chinakhwima bwinobwino.

Mvula itagwa n'kugwanso, Alexio, munthu wouma m'maso, anafunsira Veronika, mkazi wamasiye wa Kalisto. Veronika analola, ndipo ndani angamunene? Mtsikanayo anali atatopa kulima fodya yekha. Chovuta chinali chakuti akuchimuna anali asanamusudzule, ndipo sakanamusudzula popanda manda. Munthu akafera kosadziwika, mwambo umati aike thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, amete, kenako amasule mkazi.

A Petulo, mlongo wawo wa a Margareta, anafuna kudula njira. Anadula thunthu, kulikulunga mumphasa, adzukulu n'kuyamba kukumba manda. Ankati mlongo wawo akaona khamu la anthu achita manyazi. Kaya anakulira kuti a Petulo amenewa.

A Margareta anatuluka ndi chikwanje. Anafunyulula mphasa anthu onse akuona, n'kuyamba kuduladula thunthulo ndi kuponyera nkhumba m'khola.

"Mlongo, mwazungulira mutu kodi?" anakuwa a Petulo.

"Ine sindinabereke nthochi, achimwene. Ndinabereka munthu wa mafupa." Kenako analoza Alexio ndi chikwanjecho. "Iwe, pamene unamusiya ukupadziwa. Pita ukanditengere ngakhale kafupa ka chala. Ukabwera nako, Veronika ndidzamumeta ndekha."

Veronika anagwada n'kuwagwira mwendo. "Amayi, kumeneko nkhondo sinathe. Mukumutuma kukafa."

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero a Margareta, osatsitsa ndi mawu omwe.

Alexio anali atasiya kale usilikali, ndipo palibe akanamukakamiza. Koma maso a anthu amalasa. Kumsika anthu ankangoti zii iye akafika, kutchalitchi ankakhala pabenchi yekha. Mwezi usanathe ananyamula kathumba, nawoloka malire. Sanabwerenso. Ena ankati anaponda bomba lokwirira, ena ankati anagwidwa, koma womuona panalibe.

A Margareta anakondwa, tisanamizane. Ananenepa ndithu, ngakhale Veronika anasiya kuwapatsa moni.

Chaka cha chilala, nthochi za m'mudzi zitauma, zinatsala za kudimba kwa a Margareta zokha. Kumeneko n'kumene a Tabita, mayi ake a Alexio, anawapeza, atamanga nsalu yakuda kumutu.

"Tatopa kudikira," anatero a Tabita, maso ali pansi. "Tikufuna timuike. Ndabwera kudzapempha thunthu."

"Musavutike, ndidula ndekha. Mwana wanu anali wamtali, eti?"

Anasankha lalitali kuposa onse, naligwetsa, nawasenzetsa okha pamutu. A Tabita anayenda pang'ono, kenako anaima, katunduyo akuwapinda khosi.

"Zikomo, anzanga. Wanga agona mawa. Nanga wanu mudzamufunsa ndani kumene ali?"

A Margareta anawaperekeza ndi maso. Munthu yekhayo amene ankadziwa pamene Kalisto anagwera anali atamudula okha, ndipo ankapita uyo, ali pamutu pa amake.