Khutu la Kumanzere la Fanwell

Mainess anakhala pabenchi m'chipinda cha dokotala, koma mtima uli kale pa basi ya ku Katete. Anangoti amperekeze Fanwell kuchipatala lero lokha, asadzanene aneba awo a mu Chawama kuti anathawa mwamuna akudwala. Loweruka apita kwawo, basi. Banja lanji lolankhula wekha ngati wailesi?

Chitsekereni fakitale ya mabulangete, Fanwell ankangokhala pampando wake, phewa lamanja litatsamira khoma, thonje lili m'khutu lochucha mafinya. Mainess ankagwada kumanzere kwake n'kulankhula motsitsa mawu, monga alangizi anamuphunzitsira. Kumuuza kuti ufa wakweranso mtengo, zii. Kumuuza kuti wamusowa, zii. Pogona, Fanwell n'kumupatsa msana. Zinkamuwawa, ndipo analibe womuuza.

Dokotala Musonda anakweza chithunzi cha ekisireyi pazenera, poti magetsi anali atathima.

"Onani apa, amai," anatero. "Kuseri kwa khutu kuli fupa. Mkati mwake mumakhala timapanga ta mpweya, ngati chisa cha njuchi. Kumanjaku tilipo tambiri. Nanga kumanzereku?"

Mainess anasuzumira. Kunali kongoyera mbuu, kopanda kabowo.

"Kakhoma kapakati pa mphuno yawo kanapindikira kumanzere kuyambira ali mwana. Mpweya wochokera kumphuno sunkafika bwino kukhutu, ndiye kawirikawiri timapangato sitikula mbali imeneyo. Khutu lotere limadwaladwala. Ili latsala pang'ono kufa."

"Kufa bwanji, ba dokota? Si vamafina chabe?"

Dokotala anatseka khutu lamanja la Fanwell ndi chala, n'kuwerama kumanzere kwake. "Ba Fanwell, nyumba yanu yapsa."

Fanwell anapitiriza kuyang'ana khoma, manja ali pamaondo, nkhope ili yomweyo imene Mainess ankaidziwa bwino. Mayo ine! Mainess anagwira pakamwa.

"Amagonera kumanzere, eti?" anafunsa dokotala. "Akatero mphuno yabwinoyo imatseguka. Kutembenuka, mpweya uwachepera." Mainess anakumbukira msana umene ankapatsidwa pogona uja.

Opaleshoni inalipo, koma mndandanda wa odikira unali wautali, ndipo madontho a m'khutu anali atatha m'chipatala monse. Anatuluka chimanjamanja.

Anabwerera wapansi, kutsata njanji, dzuwa likuswa mtengo. Mainess ankayenda pambuyo monga mwa masiku onse, akuyang'ana kathonje kaja. Safunsa anadya phula, anadziuza. Zaka zonsezi, osafunsa ngakhale kamodzi! Komabe mkwiyo sunathe. Anafulumira, n'kumupitirira, n'kuima kumanja kwake.

"Ba Fanwell!" anakuwa, mpaka mayi wogulitsa makala anacheuka. Sanakuwirepo mwamuna wake chikwatiwire. "Munabisilanji kuti simumvela?"

Fanwell anaima. Anachotsa chipewa, n'kumachipinda m'manja.

"Nchito inasila," anatero pang'onopang'ono, kenaka analoza khutu lake. "Manje nikambe futi kuti na kwatu yasila? Mwamuna wabwanji uyo?"

"Nanga ine? Nenze kukamba na imwe masiku yonse!"

Fanwell anamuyang'ana, maso atafiira.

"Wenze kukamba?" anafunsa. "Ine nenze kuona chabe wagwada, wayang'ana pansi, wanyamuka. Ninaganiza kuti unaleka kunikambisa cifukwa nilibe kanthu."

Mainess anangomugwira mkono wamanja, pamsewu, anthu akuona, ndipo sanausiye mpaka mu Chawama.