Matumba a Anti Glenys

Lupe Tuala anawazindikira akadali patali, ngakhale kuti thupi linali litatheratu. Kayendedwe sikabisika. A Glenys Marchetti ankayenda ngati munthu amene wachedwa kukakalipira wina, ndipo matenda amene anawalanda tsitsi ndi mnofu uja, kayendedweko anakalephera.

Linali Loweruka la mu Januwale, dzuwa la ku Queensland likuswa mtengo. Pa paki ya masewera a m'madzi, mzere wa anthu ofuna kukwera Nsato unali utafika mpaka pa kanyumba kogulitsira ayisikilimu. Nsato ndi chipaipi chofiira chija chimaonekera kumsewu waukulu. Munthu amaimirira m'kabokosi pamwamba pa nsanja, thabwa la kumapazi limatseguka, iye n'kugwa pamodzi ndi madzi, liwiro lomwelo n'kumukweza kuzungulira mkombero wonse, kenako n'kukamulavula kumunsi. Koma liwirolo limafuna thupi. Wopepuka amakwera theka la mkombero, mphamvu n'kumuthera, n'kubwerera chambuyo akumenyeka uku ndi uku mpaka kukaima patsinde, pomwe amakamutulutsira pa kachitseko. N'chifukwa chake pansi pa masitepe pali sikelo, ndipo pa sikelopo ntchito inali ya Lupe.

Sikeloyo sionetsa manambala. Ukakwana makilo 45 imayatsa nyali yobiriwira, ukaperewera imayatsa yofiira, basi. Nzeru imeneyi inali ya a Glenys omwewo, pa zaka khumi ndi chimodzi zimene anayang'anira Nsato. Ankati munthu wabwera kudzasangalala, osati kudzalengezedwa kulemera kwake kwa Brisbane yense. Ndiwonso anamuphunzitsa Lupe ntchito, asanasiye mu Epulo chifukwa cha khansa.

"Iwe Lupe, chipewa chili kuti? Ukufuna dzuwa liwotche kaubongo kochepa komweko?"

"Anti!"

Lupe anasiya mzere n'kuwakumbatira. Mtima unamupweteka, chifukwa m'manja mwake munali mafupa okhaokha.

"Mwabwera bwanji osanena? Amayi akanakuphikirani."

"Amayi ako andimwetsa kale koko wokwanira mpingo wawo wonse. Ndisiye, ukunditsamwitsa. Ndabwerera Nsato yanga."

Lupe anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma a Glenys sanaseke. Anali atavala malaya osambira ndi kabudula wamkulu wachimuna, ndipo chikwama anali atasungitsa kale.

"Lolemba ndikukalowa kunyumba ija amasungirako anthu amene madokotala anena kuti basi," anatero chapansipansi. "Usapange nkhope imeneyo, ndimanyansidwa nayo. Ulendo umodzi wokha, kenako ndizipita."

Anakwera pa sikelo okha, osadikira kuuzidwa. Nyali inaphethira, n'kuyaka yobiriwira. Eee, Lupe anamva kupepuka mumtima! Dzanja lake linali litafika kale pa mulu wa malamba obiriwira amene amamanga pamkono pa munthu wololedwa. Ndiye maso, mwa chizolowezi chabe, anatsika.

Kabudula uja anali atalendewera mbali zonse ziwiri, chingwe cha m'chiuno atachimanga mfundo ziwiri kuti asavuke. A Glenys atasuntha phazi, m'thumba munamveka kugundana kwa zitsulo.

Sabata yake yoyamba pa ntchito, Lupe analola kamtsikana kena kudutsa chifukwa nyali inayaka yobiriwira. Kanali katadzaza miyala m'matumba. Miyalayo inatayika pogwa, kamtsikanako sikanamalize mkombero, ndipo anakakatulutsa pa kachitseko kakutuluka magazi m'mphuno. Tsiku limenelo a Glenys anamukalipira Lupe mpaka kulira, kenako n'kumugulira tchipisi. "Nyali ikayaka, usayang'ane nyali," anamuuza. "Yang'ana matumba. Sikelo ilibe mnzake, iwenso ukaima apa ulibe mnzako."

Tsopano mwini mawuwo ndi amene anali pa sikelo, maso ali kumwamba ngati sakudziwa kanthu.

Akanatha kungomanga lamba. Ndani akanadziwa? Brodie, amene amadina batani pamwamba, amangoyang'ana pamkono basi. Komanso iye ndani woti akanize munthu wotsala ndi masabata owerengeka? Koma khansayo inali itafika m'mafupa, Lupe ankadziwa. Zitsulozo zikakhala m'thumba, ziwaphwanya chiuno pokhota. Zikatayika, abwerera chambuyo ngati kamtsikana kaja, ndipo munthu wa mafupa otere sangatuluke pa kachitseko ndi miyendo yake. Lupe anabweza lamba pa mulu.

"Anti, matumba."

"Ukuti chiyani?"

"Tulutsani matumba kunja."

Bambo wina wa mimba yake, amene anali pambuyo pawo, anayamba kudandaula. "Aa, achemwali, nyali yayakatu! Alekeni agogowo adutse, tikupsa kuno!"

A Glenys anatembenuka. "Agogo ndi ndani? Iwe manga kabudula wakoyo, Nsato imavula anthu ngati iwe."

Mzere wonse unafa ndi phwete. Koma atabwerera kwa Lupe, nthabwala inali itawathera pankhope. Anayandikira kuti ena asamve.

"Lupe, ndakutsetserekera Lachitatu lililonse kwa zaka zisanu. Sindinakuululepo kwa munthu. Lero ndikukupempha kamodzi kokha."

Apa ndiye anamulasa pachilonda. Pa Nsato pali lamulo lakuti m'mawa uliwonse, zipata zisanatsegulidwe, wantchito mmodzi ayambe watsetsereka yekha, amve ndi msana wake ngati polumikizira paipi pali posalala ndiponso ngati madzi akuthamanga bwino. Amasinthana masiku, ndipo la Lupe linali Lachitatu. Koma Lupe, mkazi wamphamvu woti amavuula amuna akuluakulu m'dziwe la mafunde, kabokosi kaja ankakaopa ngati imfa. Sanalowemo ngakhale kamodzi. A Glenys ankangovula nsapato n'kunena kuti, "Ndimakonda kusamba m'mawa ine." Iwo atachoka, Lupe ankamunyengerera Brodie ndi nkhuku yophika amayi ake kuti azimutsetserekera.

"Ndikudziwa, Anti," anatero Lupe. "Matumba."

Kenako a Glenys anapisa dzanja n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi. Zinali zitsulo zolemera zija asodzi amamangirira ku chingwe cha mbedza kuti imire, za malemu amuna awo a Enzo, zina zikadali ndi timfundo ta chingwe. Ankaziponya m'beseni loikamo mawotchi ndi ndolo, chilichonse chikulira kuti gu! Chachisanu ndi chiwiri chitagwa, nyali inasanduka yofiira. Bambo wa mimba uja anayang'ana kumbali.

"Makilo awiri okha, mwana iwe," anatero a Glenys, akuyang'anabe nyaliyo. "Ndamwa madzi mabotolo awiri pa geti. Ndadya mazira anayi osawafuna n'komwe."

Anatsika n'kukakhala pa benchi ya pamthunzi, manja pamawondo. Sanalire, ndipo bwenzi zili bwino akanalira. Lupe anayeza anthu ena atatu osaona n'komwe nkhope zawo. Anachita zoyenera, koma manyazi anamugwira ngati waba. Atafika wachinayi anatenga wayilesi yake ya m'manja.

"Narelle, tabwera udzandigwirire sikelo pang'ono."

Narelle atafika kuchokera ku dziwe la ana, Lupe anavula nsapato, wezulo ndi ndolo, n'kuziika m'beseni pamwamba pa zitsulo zija. Anaponda sikelo, ndipo nyali sinaganize n'komwe kawiri. Anatulutsa matumba ake onse kunja kuti a pa benchi aone, Narelle n'kumumanga lamba wobiriwira.

"Ine ndiye makilo ndili nawo ogawa," anatero. "Tiyeni, Anti. Mukandiwerengere ndinu."

"Iwe? Usandiseketse, nthiti zimandiwawa."

"Dzukani ndisanasinthe maganizo."

Masitepe a Nsato alipo 118. Kale a Glenys ankawakwera akukalipira munthu pa wayilesi, koma tsiku limeneli anapuma kanayi, atagwira mkono wa Lupe. Popuma kachitatu, denga la kanyumba ka ayisikilimu likuoneka laling'ono pansi pawo, anayankhula osamuyang'ana.

"Ukuganiza kuti ndimafuna kukuwa ngati ana awa? Ayi. Pamwamba penipeni pa mkombero pali kamphindi kena. Dzuwa limalowa m'paipi, monse mumafiira, phokoso limatha. Thupi silikhala ndi kulemera. Palibe pamene pamawawa. Ndi kamphindi kamene ndimakafunako, basi."

Lupe anangowagwiritsa mkono.

Brodie atawaona akutulukira, anatsala pang'ono kugwetsa botolo la madzi. "Abwana! Mwabweranso? Nanga Lupe lamba wobiriwirayo? Lero kugwa matalala, ndithu!"

"Tseka pakamwa, ntchentche zilowa," anatero a Glenys. "Batani udina ndiwe, ine sindine wantchito. Kuwerenga ndi kwanga."

Lupe analowa m'kabokosi. Madzi ozizira ankayenderera kumsana. Anapemphera m'Chisamoa, chiyankhulo cha kwawo, pemphero la chakudya, chifukwa ndi lokhalo limene linabwera m'mutu. A Glenys anamuyendera ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ankachitira ndi aliyense.

"Pingasa miyendo. Manja pachifuwa. Mutu utsamire kumbuyo, usaweramire kutsogolo, uthyoka khosi. Ndiye tamvera, usatsinzine. Ukatsinzina ndiye kuti wandiba ulendo wanga."

Chitseko chagalasi chinatsekeka. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitini.

"Zitatu. Ziwiri."

Kwa zaka zisanu Lupe ankaona ndi maso ake kuti a Glenys safika pa chimodzi. Ankamugwedezera mutu munthu wa pa batani akafika pa ziwiri, kuti munthu agwe asanaumitse thupi. Ankadziwa bwinobwino, komabe anapusitsika. Pansi panangosowa.

Mayo ine! Mtima unatsalira pamwamba, madzi anamulowa m'mphuno, ndipo anakuwa dzina la amayi ake, la Yesu ndi mawu ena osayenera mwana wa dikoni. Kenako mphamvu ina inamukankhira m'mwamba, msana utamatirira ku paipi. Zikope zinafuna kutsekeka, iye anazikaniza. Ndipo kamphindi kaja kanafikadi. Monse munafiira ngati ukayang'ana dzuwa kudzera m'chikhatho, phokoso linazima, thupi lake lonselo linapepuka osatsala kanthu. Asanaganize n'komwe, anali atatsika kale, akuterereka m'ngalande ya kumapeto, akutsokomola madzi.

Narelle anathamanga ndi wayilesi, akuseka mpaka misozi. "Akukufuna pamwamba."

"Wakuwa ngati mbuzi yopita kokaphedwa," anatero mawu a a Glenys. "Paki yonse yamva. Unatsinzina?"

"Ayi, Anti."

"Ndiye?"

Lupe anayang'ana kunsanja. Pafupi ndi Brodie panali kamunthu kakang'ono katatsamira chitsulo.

"Ndi momwe munanenera. Kufiira, zii. Palibe pamene pamawawa."



"Chabwino," anatero a Glenys. "Kamphindi kaja kalipobe. Tsopano kavale chipewa, udzanditenge kuno. Masitepewa sinditsika ndekha."

A Glenys anamwalira patatha masabata atatu. Zitsulo zija sanazitenge, ndipo Lupe sanazipereke ku ofesi ya zinthu zotayika. Zili m'kachitini pansi pa sikelo. Akabwera wantchito watsopano, amaziika m'matumba mwake, n'kukwera pa sikelo, n'kudikira kuti aone ngati munthuyo ayang'ana nyali kapena matumba. Za mwini wake sauza aliyense. Brodie amadandaula kuti nkhuku ija inasiya kubwera, chifukwa Lachitatu lililonse m'mawa Lupe amavula nsapato n'kukwera masitepe 118 yekha. Mantha sanathe, amakuwabe mpaka oyeretsa m'dziwe kumuseka, koma satsinzina.