Mapayipi Anayi, Silinda Imodzi

Umar analowa m'dzenje la kwale dzulo masana, kukatulutsa ng'ombe ya mwini wake imene inaterereka pomwa madzi. Ng'ombeyo inakatuluka yokha kutsidya. Umar sanatuluke.

Dzenjelo analisiya ndi anthu okonza msewu atakumbamo miyala, kuseri kwa msika wa Nsipe, ndipo mvula ya zaka zitatu inalidzaza. Amuna anayesa nsungwi, anayesa waya wopinda ngati mbedza, osaphula kanthu. Akatswiri obira m'madzi anati afika mkuja. Manda anali atakumbidwa kale.

N'chifukwa chake a Kareem, bambo a Umar, amene ali ndi golosale pamsewu, anali atagwada m'mbali mwa dzenjelo, akuyang'ana Tikondwe, mtsikana wa m'mudzimo, akung'amba makatoni.

Makatoniwo anali a mchimwene wake wa Tikondwe, Duncan, amene amabira pansi pa sitima za pamadzi ku Cape Town. Atabwera pa Khirisimasi anabweretsa zida zatsopano zobirira m'madzi, n'kukadzazitsa mpweya m'silinda imodzi kunyanja, kuti akadzabwerera kumudzi adzayambe ntchito yakeyake. Tikondwe anabirapo kanayi ali ku koleji, pa maphunziro a za nsomba. Kanayi konseko ankapeza zida zitalumikizidwa kale, iye n'kungovala.

"Mwanangu," anatero a Kareem, "kwathu munthu sitimusunga. Wagona kale m'madzi usiku umodzi. Ndikufuna agone malo ake dzuwa lisanalowe."

"Ndiyesetsa, bambo. Koma mpweya ndi umene uli m'silindamu basi. Ukatha, kodzazitsa ndi kunyanja."

Anayala zonse pa mkeka. Panali kachitsulo kolemera komangirira pakamwa pa silinda, kokhala ndi mabowo asanu ndi limodzi, lililonse lotsekedwa ndi kachitsekero kake. Panali mapayipi anayi: ya chopumira, ya chopumira chapadera chachikasu, yofufumitsira jekete, ndi ya geji yoonetsa mpweya wotsala. Kabuku kake kanali ndi masamba makumi anayi m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zonsezo kankanena chinthu chimodzi: zida izi zilumikizidwe ndi katswiri.

Duncan anayankha foni ulendo wachisanu, kumbuyo kwake makina akulira.

"Tiko, usalowe m'menemo. Wapenga?"

"Achimwene, ndangofunsa za mapayipi."

"Amayi akudziwa?"

"Ali pompano, andigwirira kabuku."

Duncan anapuma mwamphamvu. "Geji pabowo lolembedwa HP. Enawo pa LP. Zopumira zonse ziwiri kudzanja lodyera, geji ndi ya jekete kwinako. Ndipo usanatsegule mpweya, uyambe wa..."

Foni inaduka. Tikondwe anaimbanso, inangolira.

Kudzanja lodyera. Tikondwe anayang'ana manja ake. Iye ndi wamanzere. Ali mwana mayi ake ankamukulunga dzanja lamanzere m'chitenje nthawi ya chakudya, ndipo atangofika ku koleji dzanjalo linabwerera pantchito yake. Duncan amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, mpaka lero amamutcha Namanzere. Ndiye amanena dzanja lodyera la ndani?

"Amayi, achimwene akati dzanja lodyera amatanthauza langa kapena la anthu?"

"Dzanja lodyera ndi limodzi padziko lino," anatero a Zelesi, mayi ake. "Zako zija ndi matenda."

"Lamanja, mwanangu," anatero a Kareem. "Lamanja. Chonde."

Paison, amene amakonza njinga za kabaza pamsika, anabwera ndi tisipanala take tokhota. Iye ankamasula zitsekero, Tikondwe n'kumanga mapayipi, a Zelesi n'kumangirira zitsekerozo pansonga ya chitenje kuti zisatayike m'maudzu. Tikondwe anaimika silinda, jekete itamangidwa kale, n'kukhala moyang'anizana nayo. Zopumira kumanja kwake, geji kumanzere kwake. Anatsegula mpweya pang'onopang'ono. Mapayipi anauma gwa. Muvi wa geji unakwera n'kuima pa 200.

Amuna awiri anamunyamulira silinda kumsana. Atapisa manja m'jekete, payipi ya chopumira inatulukira paphewa lamanzere, ndipo chopumiracho chinafika pakamwa chili chadodolido.

Paison ndi amene anayamba kuona. "Achemwali, munaika kumanja kwanu muli kutsogolo kwake. Mwatembenukatu. Kumanja kuja kwapita uku."

Wina m'gulu la anthu anaseka, mnzake n'kumuletsa. Tikondwe anafuna kulira. Kamodzi m'moyo wake anamvera za dzanja lamanja, ndipo zinamufikitsa kumanzere.

"Sizingatheke choncho?" anafunsa a Kareem.

"Chikakhala chozondoka chimalowetsa madzi, bambo. Mungavuule anthu awiri."

Kumzikiti anaitana swala ya masana. Amuna ena anapita, a Kareem sanasunthe. Tikondwe anavula, anatseka mpweya, anatulutsa wotsalira m'mapayipi, n'kuyambiranso, tsopano ataima kumbuyo kwa silinda ngati amene waibereka. Kamphira kakang'ono ka payipi ya jekete kanagwera pamkeka, anthu anayi n'kukafunafuna chogwada mpaka a Zelesi anakapeza katamatirira pachigongono cha Paison.

"Tsegulani," anatero Tikondwe.

Paison anapotokola. Kunamveka phokoso ngati tayala la lole laphulika, fumbi n'kubuka pamkeka, amayi n'kuthawa akukuwa.

"Tsekani! Tsekani!"

Paison, mantha atamugwira, anapotokolera komweko. Tikondwe anamukankha n'kutseka yekha. Kunakhala zii.

Anawerenga ndi chala. Mabowo a LP anayi, mapayipi atatu. Bowo limene anachotsapo chopumira linali pululu. Masamu a sitandade wanu, ndipo iye anali ndi digiri.

"Amayi, chitsekero."

A Zelesi anamasula mfundo ndi mano. Paison anamanga osayang'ana munthu kumaso. Tikondwe atatsegulanso, muvi unakwera mwaulesi n'kuima pa 130.

"Ndi wochuluka?" anafunsa a Kareem.

"Ndi wokwanira," anayankha. Sankadziwa ngati akunena zoona.

A Zelesi anamugwira pamkono. "A Nangozo, taonani kuno." Dzina la mfunda limenelo ankamutchula nalo pokhapokha zikavuta. "Muvi ukafika pofiira mutuluke. Mwini mwana walira kale. Ine sindinakonzeke."

A Kareem anamva. Anayang'ana pansi. "Akunena zoona mayi ako. Pofiira utuluke."

Anamumanga chingwe m'chiuno, china n'kumupatsa m'manja. Akakoka kamodzi, ali bwino. Akakoka katatu, a kumtunda akoke chachiwiricho.

Madzi anali ozizira kuposa a kunyanja. Atangomira pang'ono, kuwala kunasanduka kwa tiyi wothira mkaka, kenaka kunatheratu. Geji ankaiwerenga ataigunditsa pagalasi la kumaso. 110. Ankapuma mofulumira kwambiri, ankadziwa, koma chifuwa sichinkamva. Pansi panali matope ndi miyala yakuthwa. Anayamba kukwawa, akupapasa. Tayala. Nthambi. Ndowa yobooka. 80. Anakoka chingwe kamodzi. Thumba la simenti louma ngati mwala. Nthambi ina. 60. Pofiira pamayambira pa 50.

Anati apapase kasanu kokha. Kachitatu anagwira nsapato ya pulasitiki, ndipo m'nsapatomo munali phazi.

Anakuwa m'chopumira, thovu n'kumuphimba. Umar, amene ankamugulitsa makandulo ndi mayunitsi, n'kumamufunsa ngati nsomba nazo zimalemba mayeso. Mwendo wake wina unali utapanikizika pakati pa miyala iwiri. Tikondwe anakoka, osatheka. Anayang'ana geji. 45. Anaponda mwala umodzi ndi mapazi onse awiri n'kukankha mpaka m'maso munachita nyenyezi. Mwalawo unagubuduka. Anazunguliza chingwe m'khwapa mwa Umar, anamanga mfundo zitatu zosadziwika dzina, n'kukoka katatu.

Anakwera pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, ngakhale thupi lonse linkafuna kuthamanga. Atatulukira, chopumira chinali chitayamba kulimba.

A Zelesi analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kumukokera kumtunda ndi jekete. Amuna asanu ndi mmodzi ankakoka chingwe chija mosinthana manja, mwaulemu, ngati akuopa kumupweteka.

A Kareem anavula mkanjo wawo n'kutsala ndi malaya amkati. Analowa m'madzi, anamufunditsa mwana wawo asanafike poti anthu amuone, n'kutembenukira kwa m'bale wawo wina.

"Thamangira kunyumba. Uwauze atenthetse madzi osambitsira. Nthawi ikadalipo."